Paini wa Malemu Bambo, Zitsamba za Apongozi

Tauni ya Dunmore inkanunkha kale. Fakitale ya mapepala ikapuma utsi wake m'mawa, fungo la mazira owola linkalowa mpaka m'mabulangete, ndipo akuluakulu ankati limenelo ndi fungo la anthu okhuta. Corinne Sawtelle analithawa fungolo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, n'kukatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ku Arizona, dziko la mchenga kumene mtengo umachita kupemphedwa kuti umere. Atabwerera mu Febuluwale kudzaika maliro a bambo ake, anapeza mpweya uli bwinobwino, fakitale ili zii, mawindo ake atakhomedwa matabwa. Sukulu imene anaphunzirako kuwerenga inali itasanduka sitolo yogulitsa sopo wonunkhira kwa alendo odzapuma. Anakwiya ngati munthu woberedwa, chikhalirecho wochoka anali iye mwini.

Zinthu ziwiri zokha ndi zimene anazipeza mmene anazisiyira: mtengo wa bambo ake, ndi Remi Plourde.

Mtengowo unali paini woyera, mbale wake wa zimphona za m'nkhalango zozungulira tauniyo, kungoti uwu msinkhu unkalekeza m'bondo. Unkakhala m'mbale yadothi yosazama, pathebulo lamwala kuseri kwa nyumba. Malemu Alden Sawtelle anaukumba pathanthwe chaka chimene Corinne anabadwa, ndipo kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi anaudulira, kuukulunga waya wamkuwa, kuupinda pang'onopang'ono mpaka unaoneka ngati nkhalamba yolimbana ndi mphepo. Akatswiri a ku Boston a bonsayi, luso lolera mitengo yaing'ono m'mbale, ankamuseka. Ankati paini wakwathu kuno ndi wamakani, masamba ake ndi atali ngati tsitsi la munthu wosameta, sangasanduke bonsayi. Iye ankangoyankha kuti, "Nanenso ndine wamakani."

M'mawa wa Lachisanu lina, Juni atangoyamba, Corinne anali chiweramire pamtengopo, zala zikumatamata ndi utomoni. Galimoto ya Remi anaimva isanakhote n'komwe.

"Ukadali kumutsina mwana wa eni?" anafunsa Remi atatsamira mpanda, makapu awiri a khofi ali m'manja.

"Ndikumuphunzitsa mwambo. Tabwera uone, mbuli iwe. Waziona mphukira zoima ngati makandulozi? Zamphamvu ndimazithyola pakati masamba asanatseguke. Zofooka ndimazisiya. Ukapanda kutero kumwamba kumadya kokha, nthambi zam'munsi n'kufa ndi njala."

"Ngati boma."

"Ngati boma kumene. Koma osathyola yonse. Paini uyu amaphuka kamodzi pachaka, basi. Ukalakwitsa sakupatsa mpata wachiwiri."

"Ndiye kuti ine ndimamuposa," anatero Remi, "poti ine ndinakupatsa."

Corinne anamugenda ndi kamphukira pamphumi, koma khofi analandira. Zinali zoona. Remi anamufunsira ukwati ali mtsikana, iye n'kuyankha pokwera basi. Anamufunsiranso mu Epulo chaka chino, pakhonde lomweli, tsitsi litayamba imvi m'mbali mwa makutu, ndipo ulendo uno Corinne anavomera asanamalize n'kufunsa komwe. Nyumba ya bambo ake inali itagulitsidwa. Eni atsopano ankadzalowa pa 1 Seputembala. Remi sakanatha kuwasiya okha amayi ake, choncho anagwirizana kuti Corinne adzakwera phiri kukakhala kwa a Plourde, iye ndi mtengo wake.

"Benchi ya mtengo ija ndamaliza," anatero Remi. "Ili kum'mawa kwa khonde, kumene kumawomba dzuwa. Ndipo Amayi akuti ubwere Lamlungu udzadye nafe."

"Akuti ndibwere, kapena iwe wawauza kuti ndikubwera?"

"Sanakane."

"Remi."

"Anangoti, 'Mwana wa kwa Sawtelle uja? Chabwino, mbale zilipo zambiri.'"

"Zaka zinayi zija tili pachibwenzi ndinkathera pageti. Dzina langa mpaka lero sanaliphunzire?"

"Akulidziwa. Akungolisunga."

"Ndikuopa, ukudziwa?"

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," anatero Remi uku akumupukuta utomoni pachala ndi nsonga ya malaya ake, pang'onopang'ono, ngati kuti alibe kwina kopita.

* * *

Pathebulo la kwa a Plourde panali mbale zinayi. Yachinayi inali ya Paulette Caron, amene ukwati wake unatha zaka zitatu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo anayamba mwadzidzidzi kukonda Misa, kukonda nkhalamba, ndi kudziwa tsiku limene Remi amameta. Ndi iye amene ankawatenga Mayi Fernande Plourde kupita nawo kutchalitchi Lachitatu lililonse. Ankawaitana kuti "Amayi" ndi pakamwa ponse.

"Amayi, khalani pansi, msuzi ndigawa ndine. Corinne, nsawawa umadya? Kapena ku Arizona kuja anakuphunzitsa kudya masamba okhaokha?"

"Ndimadya chilichonse, Paulette."

"Koma zaka zonsezi osapeza mwamuna kumeneko? Akuti ngakhale mitengo yake ndi yaminga."

"Ndinam'peza mmodzi, ndinam'bweza. Nanga wako uja unam'bweza, kapena anadzibweza yekha?"

Remi anatsamwa ndi madzi. Mayi Plourde sanaseke, koma Corinne anaona kakona ka mlomo wawo kakugwedera. Anali mayi wamfupi, wa tsitsi loyera lomangidwa kumbuyo, maso akuthwa ngati nsonga ya lumo.

Atatha nyama ya nkhumba ndi mbatatesi, mayiyo anabweretsa buledi wotentha ndi kabotolo ka jamu wofiira, woonekera mkati ngati galasi la pawindo la tchalitchi. Corinne anapaka, analuma. Jamuyo anali wowawasa, wokoma mpaka kuseri kwa makutu. Anasiya kutafuna.

"Jamu uyu ndi wa..."

"Magadele," anatero Mayi Plourde. "M'Chingelezi chanucho muli ndi dzina lina. Ine sindilifuna."

"Mwagula kuti?"

"Ine sindigula jamu."

Remi anayang'ana m'mbale mwake. Mwana aliyense wokulira m'dera la paini amaidziwa nkhani ya tizipatso timeneti, ndipo mwana wa Alden Sawtelle ankaidziwa kuposa onse. Pali matenda a dzimbiri amene amapha paini woyera. Sadumpha kuchoka pa paini kupita pa paini mnzake. Amayamba agona pamasamba a zitsamba za magadele, kenaka chilimwe chikamatha, mphepo imanyamula fumbi lake n'kukalithira pa paini aliyense amene ali pafupi. N'chifukwa chake boma linaletsa zitsambazo kudera lino kalekale.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu," anatero Mayi Plourde, akupaka jamu osafulumira. "Kunabwera amuna asanu ndi makasu, ndi kapitawo wawo atavala chipewa. Orrin Sawtelle. Agogo ako. Amayi anga Chingelezi sankachimva. Zitsamba zimenezo anabwera nazo kuchokera ku Quebec atazikulunga m'nsalu yonyowa, pa sitima, ali mkwatibwi. Anagwada pansi, kulira, kupempha m'Chifalansa. Agogo akowo anangowaonetsa pepala. Munthu wosadziwa kuwerenga kumuonetsa pepala! Anazula zonse, n'kuvula chipewa, n'kunena kuti tsiku labwino."

"Sindinkadziwa," anatero Corinne.

"Kwanu sakanakuuza. Ozula sakumbuka. Koma amayi anga pogwada paja sankangolira. Anabisa muzu umodzi m'epuloni." Anakankhira kabotoloko kwa Corinne. "Paka wina, mwana wa kwa Sawtelle. Ndi wa muzu womwewo."

"Ndi wokoma kwambiri, Amayi," anatero Paulette. "Ine chaka chilichonse ndimawathandiza kuthyola."

* * *

Zitsambazo zinali kuseri kwa khola lakale la ng'ombe, zisanu ndi ziwiri, zonenepa, zitalemera ndi tizipatso tosapsa. Corinne anawerenga mapazi kuchokera pamenepo kukafika pa benchi yatsopano ija. Makumi atatu ndi anayi. Benchiyo inali yokongola, yamatabwa osalala, miyendo yake Remi anachita kuisema. Anabwerera, n'kutembenuza tsamba limodzi. Kunsi kwake kunali timadontho tachikasu ngati ufa wa njerwa.

"Unkadziwa," anatero kwa Remi, amene anali atamutsatira.

"Ndinkadziwa kuti zilipo. Ndabadwa ndikuziona."

"Ndiye n'kundimangira benchi pamphuno pake?"

"Corinne, paini ali mbwee m'nkhalango umu, ndipo sanafe onse."

"Chimphona chikadwala chimataya nthambi imodzi, n'kupitiriza moyo. Wanga uja thunthu lake n'lochepa ngati mkono wangawu. Dzimbiri likalowa m'masamba limatsika m'nthambi, likafika pathunthu limazungulira khungwa ngati chingwe pakhosi. Zaka ziwiri, zitatu, watha."

"Ndiye tiulowetse m'nyumba. M'chipinda chathu, pawindo. Ine ndigona pansi ngati malo achepa."

Corinne anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Ndiwe wabwino, koma ndiwe mbuli. Paini si mphaka. Amafuna mphepo, mame, amafuna chisanu chimulume agone tulo take. M'nyumba afa msanga kuposa ndi dzimbiri."

"Nanga ndichite chiyani? Ndiwauze Amayi kuti mwana wa kwa Sawtelle wabwera kudzamaliza ntchito ya agogo ake?"

"Ine sindinanene zimenezo."

"Nanga ukunena chiyani?"

"Ndikunena kuti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sindinabwere kudzawaona bambo anga! Ndinkangoimba foni pa Khirisimasi, iwo n'kumandiuza za mtengo, ine n'kumayasamula. Tsiku lomaliza, pafoni ali m'chipatala, sanandidzudzule. Anangoti, 'Waya wa panthambi yachiwiri uchotse mu Juni, asalume khungwa.' Mawu awo omaliza amenewo, Remi. Ndiupereke bwanji ku imfa, ine ndemwe, pa benchi yosema?"

Remi anatambasula dzanja, koma iye anabwerera m'mbuyo. Paulette anali pawindo la khitchini, akutsuka mbale imodzi yomweyo kwa nthawi yaitali.

"Ndiye sudzabwera kudzakhala kuno," anatero Remi motsitsa mawu.

"Zitsambazi zikadalipo, ndibwera bwanji? Iwe ndiwe mwamuna wa pakhomo pano. Ukanakhala kuti ukundifunadi, bwenzi ukudziwa chochita."

Mawuwo atangotuluka anadziwa kuti alakwika. Koma Corinne anali mwana wa bambo ake. Mawu otuluka sankawathamangira. Anakwera galimoto yake osatsanzika.

* * *

Lolemba lonse foni inali chete. Lachiwiri masana, ali ndi kapulayala m'manja akudula waya wa panthambi yachiwiri chidutswachidutswa, inalira. Unali uthenga wa Remi.

*Wadya?*

Anaiyang'ana kwa kanthawi. *Ndadya.*

*Wanama. Ukakwiya sudya. Ndakusiyira nsomba pakhonde, usaiponde.*

Anapita kukaona. Inalipodi, itakulungidwa m'nyuzipepala.

*Ndinalankhula zoipa Lamlungu,* analemba.

*Unalankhula zoona. Sindinagone bwino.*

*Usachite chilichonse. Ndisiye ndiganize.*

*Ulendo watha unati ndikusiye uganize, unaganiza zaka 19.*

*Chitsiru.*

*Chitsiru chako. Sindikulolanso kukwera basi, Corinne. Umve zimenezo.*

Anaika foni pansi akumwetulira, n'kubwerera ku ntchito yake. Waya utachoka, nthambi inakhala pamene bambo ake anaifunira, yosabwerera. Pakhungwa panali kamzere kochepa, chizindikiro chakuti akanachedwa mwezi wina chikanakhala chipsera cha moyo wonse. Anakasisita ndi chala. Bambo ake ankati nthambi yokhwima suipinda tsiku limodzi. Ukaikakamiza imathyoka, ndipo imathyokera mkati, kumene suona. Umaipinda pang'ono, n'kuisiya izolowere, n'kudzabweranso.

Anayang'ana mtengowo, n'kuganiza za mayi wamfupi wa maso akuthwa uja. M'tauni yonse ya Dunmore, mwa anthu onse ogulitsa sopo ndi ogula sopo, panali munthu mmodzi yekha amene akanamvetsa chifukwa chimene mkazi wamkulu angalirire chomera cha kholo lake. Tsoka lake, munthuyo anali mdani.

* * *

Lachitatu m'mawa Corinne anaima pamasitepe a tchalitchi cha Akatolika, iye mwana wa Achipulotesitanti amene sanalowemo chibadwire. Misa itatha anthu anatuluka, ochepa, onse a imvi. Kale masitepe amenewa ankadzaza mpaka mumsewu. Mayi Plourde anatuluka atakolowekana mkono ndi Paulette.

"Mayi Plourde, ndabwera kudzakupemphani. Tiyeni kwathu mukamwe khofi. Pali chimene ndikufuna mukaone."

"Amayi atopa," anatero Paulette. "Ndipo mankhwala awo amamwa nthawi ya..."

"Pakamwa ndili napo, Paulette," anatero mayiyo. Anamuyang'ana Corinne kuyambira kunsapato. "Kwa a Sawtelle? Ine? Chabwino. Ndikaone mmene ozula amakhalira."

"Muchedwa?" anafunsa Paulette.

"Mwina maola awiri," anayankha Corinne. "Ndikawatula ndekha."

Pokhota galimoto, Corinne anamuona pagalasi Paulette ataima pamasitepe paja, foni ili pakhutu.

Khofi anamwera kuseri kwa nyumba, mipando iwiri itayang'ana thebulo lamwala. Mayi Plourde anayang'anitsitsa pathebulopo. Kenaka anadzuka, anavala magalasi, n'kuuzungulira mtengowo kawiri.

"Kamtengo konseka ndi kamene kakuvutitsa mwana wanga?"

"Ndi kameneka."

"Kali ndi zaka zingati?"

"M'mbalemu makumi anayi ndi chimodzi. Pathanthwe paja, bambo ankati mwina makumi atatu."

"Ndiye ndi msinkhu wanga, kungochepera pang'ono. Kakuoneka bwino kuposa ine." Anawerama, n'kugwira masamba ndi nsonga za zala. "Asanu pamtolo uliwonse. Ndi paini weniweni ndithu. Nanga n'kukamanga mawaya bwanji? Si nkhanza zimenezi?"

"Waya sakhalitsa. Amangouonetsa njira, ukazolowera timachotsa. Zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse timautulutsa m'mbale, kudula mizu pang'ono, kuika dothi latsopano. M'mizumo mumakhala nkhungu yoyera. Osadziwa amaitsuka poganiza kuti ndi kuola, n'kupha mtengo. Chisanu chikafika bambo ankaukwirira m'mbale momwemo pansi pa chipale chofewa, mphepo isaumitse mizu. Chipale chikachedwa kugwa ankangozungulira pabwalo pano, kuyang'ana kumwamba ngati wina wawanamiza."

"Ndinkamuona Alden m'sitolo," anatero mayiyo. "Zala zakuda ndi utomoni. Ankandipatsa moni, ine osayankha. Zaka makumi asanu." Anakhala pansi. "Iyeyo analakwa chiyani? Anali mwana ngati ine."

"Mayi Plourde, sindinabwere kudzakupemphani kuti muzule. Sindingathe. Lamlungu lija ndinalankhula mwaukali, koma nditafika kuno ndinaganiza kuti munthu wina atabwera ndi pepala kudzatenga mtengowu, nanenso ndingagwade. Ndimamukonda Remi. Ndinamukonda ndili mtsikana, ndinathawa chifukwa ndinali wopusa, ndinkaganiza kuti moyo uli kwina. Kulibe. Ndafufuza. Koma mtengowu sindingauphe, ndipo zitsamba zanu sindingazikhudze. Nzeru zandithera. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu."

Mayi Plourde anamwa khofi wawo mpaka pansi. "Fumbi lakelo limauluka mtunda wautali bwanji?"

"Silipita patali. Limafa msanga padzuwa. Mtunda wa munda umodzi kapena iwiri, kawirikawiri."

"Malemu mwamuna wanga anasiya kamsasa kumtsinje, mamailosi atatu kuchokera kwathu. Kuli dambo lokhalokha, paini kulibe. Dothi lake n'lonyowa, magadele amakonda zimenezo." Anaika kapu pansi. "Chitsamba sasamutsa chili ndi masamba. Tidikire Okutobala, masamba akagwa."

Corinne anasendeza mpando wake kufupi. "Mungalole?"

"Sindinamalize. Kusamutsa si kuzula. Ndipo akakumbe si Remi, ali ndi manja a chimbalangondo ameneyo. Ukakumba ndiwe. Wekha, ndi fosholo, muzu uliwonse. Ukazidzala ndiwe, ukathirira ndiwe. Ndikufuna ndidzaone ndi maso angawa mdzukulu wa Orrin Sawtelle atagwada, akudzala magadele, akuswa lamulo la agogo ake."

"Ndidzagwada mpaka mawondo atupe."

"Adzatupa, usadandaule."

"Koma nyumbayi ndituluka pa 1 Seputembala, ndipo nthawi yoopsa ndi imeneyo. Mtengowu ukakhala kuti mpaka Okutobala?"

"Kwa Bambo Mfumu, kuseri kwa tchalitchi. Alibe mkazi, alibe ana, alerepo kanthu." Apa mayiyo anaseka, kuseka kwenikweni, kotulutsa misozi. "Paulette ndi mwana wabwino, koma amavomera chilichonse chimene ndanena. Zimatopetsa. Iwe tidzakangana bwino. Thira khofi wina, Corinne."

Corinne anathira khofi. Aka kanali koyamba kulimva dzina lake pakamwa pamenepo.

* * *

M'galimoto anakambirana za ukwati. Mayi Plourde ankafuna wa kutchalitchi, Corinne ankafuna wa pabwalo, ndipo anakangana mokoma mpaka pamlatho. Anagwirizana kuti akamuuze Remi pamodzi za kusamutsa zitsamba, koma ayambe amuzunza kaye pang'ono.

"Ndimuuza kuti ndakuthamangitsa," anatero mayiyo. "Tione nkhope yake."

Utsi anauona akukwera phiri. Unali woyera, wochindikala, utsi wa zinthu zaziwisi, ukutuluka kuseri kwa khola.

"Akuwotcha chiyani mwana ameneyu mu Juni?" anafunsa Mayi Plourde.

Corinne anaimitsa galimoto, anawathandiza kutsika, ndipo mayiyo anamugwira mkono monga ankamugwirira Paulette. Anayenda chomwecho, pang'onopang'ono, kudutsa khonde, kuzungulira khola.

Pamene panali zitsamba panali maenje asanu ndi awiri. Thalakitala inali chiimire, tcheni chikulendewera kumbuyo kwake. Chapatali pang'ono, pamulu wa matabwa akale, moto unali utadya kale mizu. Tizipatso tosapsa tinkaphulika m'malawi ngati timiyala togendedwa padenga. Remi anali pambali pake, malaya atanyowa ndi thukuta, manja okandikakandika. Atawaona anaimirira mowongoka, ngati munthu amene wachita chinthu chovuta kwambiri pa moyo wake ndipo sachita nacho manyazi.

"Amayi, mundikhululukire, koma sindimutayanso kachiwiri," anatero. Kenaka anayang'ana Corinne, maso odzaza chikondi. "Ndachita zija unkafuna. Paulette anandiimbira kuti wawatenga Amayi, muchedwa maola awiri. Ndinadziwa kuti wandipatsa mpata."

"Remi, ayi," anatero Corinne. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. "Ayi, ayi. Mayi Plourde, sizili choncho. Ine sindinadziwe. Ndikulumbira pa manda a bambo anga."

Mayi Plourde sanakuwe. Anayang'ana maenjewo limodzilimodzi, milomo ikuyenda ngati akuwerenga korona. Atafika pa lachisanu ndi chiwiri, anachotsa dzanja lawo pamkono wa Corinne, chala chimodzichimodzi, n'kulipukuta pa diresi lawo la kutchalitchi.

"Khofi wanu anali wokoma, mayi," anatero. "Munandisunga bwino."

Anatembenuka n'kuyenda okha, osatsamira kanthu, mpaka pakhonde. Corinne ndi Remi anatsala pakati pa utsi, osayang'anana. Chitseko chinatsekedwa mosamenyetsa. Kenaka, masana dzuwa likuswa mtengo, anamva kiyi akutembenuka kawiri.